Mabiliyoni akupita ku mafakitale a magalimoto, ife tikadali kumbuyo kwa lole

Chakumapeto kwa sizoni ya malalanje chaka chino, mbandakucha wina tili pamalo pomwe lole imatitengera, tinaona nkhope zachilendo. Anali abambo atatu amsinkhu wathu womwewu, imvi zitayamba kale. Kumapazi anavala nsapato zija zachitsulo kutsogolo, zogwirira ntchito m'fakitale. Kapitawo atafika, mmodzi anavula chipewa n'kufunsa ngati pali malo. Kapitawoyo anangomuyang'ana m'manja n'kuseka, amvekere kuthyola malalanje si kudina mabatani. Sanawatenge. Lole itanyamuka tinawasiya ali chilili pomwepo, ndipo diso lomwe mmodzi wa iwo anatiponyera tonsefe tikulidziwa. Ndi diso lija lofunsa kuti, "Anthu awa akwera bwanji, ine mwini dziko n'kutsala?"

Titafunsafunsa tinamva kuti anachokera ku KwaNobuhle, ku Kariega komwe kale kunkatchedwa Uitenhage, ndipo ntchito inawathera pa fakitale ina yopanga zipangizo za magalimoto. Kuchoka ku Kariega kufika kuno ku minda ya Kirkwood ndi Addo sipatha ola lathunthu pa galimoto. Ndiye abale anzathu, mukamamva pa wailesi kuti makampani a magalimoto akulira ndipo boma likufuna kuwathandiza, musati izo n'za eni dziko. Fakitale ikatsekedwa ku Kariega, mzere wa ofuna ganyu umatalika kuno kwathu. Mzere ukatalika, woyamba kulozedwa chala ndi ife obwerafe.

N'chifukwa chake ife a komiti ya ogwira ntchito m'mafamu tinakhala pansi n'kuyamba kufunsa za ndalama zomwe boma la South Africa limapereka ku makampani amenewa. Sukulu ambirife tinalekezera ku pulayimale, koma kuwerengera ndalama timatha, poti moyo wathu wonse takhala tikuwerengera mabegi a malalanje kuti kapitawo asatibere.

Thandizoli linayamba kalekale

Mu 2025 m'dziko muno munali makampani akuluakulu asanu ndi awiri omwe ankalumikiza magalimoto. Volkswagen inali ku Kariega, Isuzu ku Gqeberha, Mercedes-Benz ku East London, Toyota ku Durban, ndipo BMW, Nissan ndi Ford zinali chakufupi ndi Pretoria. Palibe ngakhale imodzi yomwe likulu lake lili kuno. Eni ake ali ku Germany, Japan ndi America. Onse pamodzi amatulutsa magalimoto pafupifupi 600,000 pachaka, ndipo mwa magalimoto atatu alionse, awiri amakwera sitima kupita kunja.

Boma linayamba kuwanyengerera mwadongosolo mu 1995 ndi pulogalamu yotchedwa MIDP. Mu 2013 anaisintha dzina ndi malamulo ena n'kukhala APDP, ndipo gawo lake lachiwiri linayamba mu 2021. Zaka 30 ndiye kuti zakwana. Mwana wobadwa chaka chomwe thandizoli linkayamba pano ali ndi banja lake, koma makampaniwa akuti sanafikebe poima paokha.

Kayendedwe kake n'kotere. Galimoto yatsopano yochokera kunja imalipira msonkho wa 25 peresenti polowa m'dziko muno, zipangizo zolumikizira magalimoto 20 peresenti. Umenewu ndi mpanda wotchingira mafakitale a kuno. Kenako kampani ikapanga magalimoto kuno, boma limaipatsa mapepala ochotsera msonkho. Mapepalawa kampani imalipirira msonkho wa zinthu zake zochokera kunja, kaya ndi zipangizo kaya ndi magalimoto athunthu, ndipo akaitsalira imaloledwa kugulitsa kwa ena oitanitsa magalimoto. Pamwamba pa apo pali ndalama yeniyeni: kampani ikagula makina kapena kukuza fakitale, boma limaibwezera 20 peresenti, ndipo opanga zipangizo 25 peresenti. Boma linakhazikitsanso kuti kuyambira Malichi 2026, kampani yoika ndalama pa kupanga magalimoto oyendera magetsi iziloledwa kuchotsera pa phindu lake lolipirira msonkho ndalama yokwana 150 peresenti ya yomwe yaononga. Mwamvatu, kuposa yomwe yatulutsa m'thumba.

Amene munachokera ku Malawi nkhani ya mapepalayi siyachilendo. Ndi makuponi a feteleza omwe aja. Boma limati tikuthandiza mlimi, koma kuponi ikangololedwa kuyenda m'manja, imakathera kwa mavenda. Kunonso pepala lomwe analipanga kuti lilimbikitse kupanga magalimoto m'dziko muno ndi lomwelo limathandiza kulowetsa magalimoto akunja motchipa. Kusiyana kwake n'kwakuti kumudzi ogula makuponi amathawa apolisi, pomwe kuno lamulo ndi lomwe limaloleza.

Masamu athu a pansi pa mtengo

Mabuku a bajeti a National Treasury amaonetsa msonkho womwe boma limausiya osatolera chifukwa cha pulogalamu imeneyi. Zaka zingapo zapitazi ndalamayi yakhala ikupitirira mabiliyoni 30 a marandi pachaka chimodzi. Anthu ogwira ntchito m'mafakitale a magalimoto ndi a zipangizo zake alipo pafupifupi 115,000. Mnyamata wathu wina amene anafika Fomu 4 anatigawira pa foni: mabiliyoni 30 kugawa kwa anthu 115,000, yankho linabwera pafupifupi R260,000 pa munthu mmodzi chaka chilichonse. Awa ndi masamu athu, si a boma ayi, koma aliyense wokhala ndi foni angathe kuwabwereza.

Tsono tiyeni tione zathu. Pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa anaikidwa pa R28.79 pa ola. Pa mlingo umenewo, mukagwira maola 45 pa sabata munkapeza R1,295, pamwezi pafupifupi R5,600, pachaka chathunthu pafupifupi R67,000. Nanga ndani mwa ife amagwira chaka chathunthu? Malalanje ndi mandimu amatisunga miyezi isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri, mvula ikagwa tsikulo lapita. Komabe ngakhale titayerekeza kuti tonse timagwira miyezi 12, ndalama yomwe boma limasiya pa ntchito imodzi ya m'fakitale ingalipire anthu pafupifupi anayi a pafamu chaka chonse. Ndipo m'minda ya dziko lino muli anthu pafupifupi 900,000.

R28.79 imeneyinso sinabwere pa mbale. Achikulire mukukumbukira sitalaka ya ku De Doorns mu 2012, anthu akulandira R69 patsiku, matayala akuyaka pa msewu wa N1, mpaka boma linakweza kufika R105 mu 2013. Lamulo la malipiro otsikitsitsa litabwera mu 2019, ena onse anayambira pa R20 ife n'kutiika pa R18, ndipo tinadikira mpaka 2021 kuti atilinganize ndi anzathu. Wa pafamu akapempha marandi awiri amauzidwa kuti chuma cha dziko chigwa. Kampani ya ku Germany ikangotsokomola, nduna zimakwera ndege.

Kunena chilungamo, oikira kumbuyo pulogalamuyi ali ndi yankho lawo. Amati ndalama zambirizi sizituluka m'thumba la boma, ndi msonkho chabe womwe sunatoleredwe, ndipo mafakitale atachoka msonkhowo sungapezekenso wonse. Amatinso ntchito imodzi ya m'fakitale imadyetsa ena ambiri: wa thiraki, wa padoko, mayi wogulitsa vetkoek pageti. Zimenezi sitikuzikana. Koma ife tikudziwa kuti bwana akatidula R200 pa malipiro amati ndalama, ndipo akaiwala kutipatsa R200 ya ovataimu ndi ndalamanso. M'thumba mumapepuka chimodzimodzi.

Analonjeza chiyani, achita chiyani

Mu 2018 boma, makampani ndi mabungwe a antchito anagwirizana pulani yofika chaka cha 2035. Anati dziko lino lizidzapanga galimoto imodzi mwa magalimoto 100 alionse opangidwa padziko lapansi. Anati zipangizo zopangidwa konkuno zifike 60 peresenti ya galimoto iliyonse. Anati ntchito ziwirikize, kuchoka pa 112,000 kufika pa 224,000.

Mu Ogasiti 2025 nduna ya zamalonda, a Parks Tau, analankhula ku Gqeberha pamsonkhano wa opanga zipangizo za magalimoto. Iwo eni ananena kuti zipangizo za kuno zaima pa 39 peresenti, kuti mwa magalimoto atsopano ogulitsidwa m'dziko muno 64 peresenti ndi ochokera kunja, ndipo kuti pa zaka ziwiri zokha makampani 12 atsekedwa, anthu oposa 4,000 n'kuchotsedwa ntchito. Amenewa si mawu a otsutsa boma, ndi a mwini pulogalamu.

Ife okhala kufupi ndi Nelson Mandela Bay sitinafunikire nduna kuti itiuze. General Motors, yomwe inayamba kulumikiza magalimoto ku Port Elizabeth mu 1926, inalongedza katundu mu 2017. Isuzu inatenga fakitale ija koma anthu mazanamazana anatsala panja. Bridgestone inatseka fakitale yake ya matayala mumzinda womwewo mu 2020. Mercedes-Benz inalengeza mu 2024 kuti ichepetsa anthu pafupifupi 700 ku East London. Ford mu 2025 inanena zochotsa anthu oposa 470, ena mwa iwo a ku fakitale ya mainjini ya ku Struandale. Ndipo mu Ogasiti 2025 Goodyear inatseka geti ku Kariega, fakitale yomwe inatsegulidwa mu 1947, anthu pafupifupi 900 n'kubwerera kunyumba.

Nkhani ya matayalayi tiimepo pang'ono, chifukwa ikuonetsa bwino chomwe tikudandaula. Makampani anayi opanga matayala m'dziko muno, Goodyear ili momwemo, anakadandaula ku boma kuti matayala otchipa a ku China akuwapha. Boma linamva, ndipo mu 2022 linaika msonkho woonjezera wa 38 peresenti pa matayala a ku China. Eni matakisi anachenjeza nthawi yomweyo kuti mtengowo ukathera kwa okwera. Okwerawo ndi ndani? Ndi mayi wopita ku kiliniki ku Kirkwood, ndi ife popita ku Home Affairs ku Gqeberha. Patangotha zaka zitatu fakitale yatsekedwabe. Mtengo wa tayala tinausenza, ntchito sizinapulumuke.

Apa ndiye pagona nkhani. Boma limapereka, koma silimanga chingwe cholimba. Ife tikatenga ngongole ya R500 kwa bwana, amatilembetsa pepala, ena mpaka kugwira pasipoti ngakhale lamulo likuletsa. Kampani imadya chithandizo zaka makumi, tsiku lina akuluakulu ake atakhala m'chipinda kutsidya la nyanja amagwirizana kuti fakitale ya ku Africa itsekedwe, basi nkhani yathera pomwepo. Thandizo limawerengedwa potengera magalimoto omwe atuluka ndi makina omwe agulidwa. Ndipo makina atsopano ambiri ndi maloboti, omwe amabwera kudzachita ntchito yomwe ankachita anthu.

Timalipira nawo, mapepala kaya tili nawo kaya tilibe

Pali bodza lomwe limayenda m'malokeshoni lakuti obwera salipira msonkho. Pa tilu sipafunsidwa pasipoti. Ufa, buledi wabulauni, nyemba, mpunga, mazira ndi mafuta ophikira zilibe VAT, n'zoona. Koma sopo, shuga, nkhuku, nsapato za mwana, mayunitsi oimbira kumudzi, zonsezi timalipira 15 peresenti ngati wina aliyense. Mu 2025 nduna ya zachuma, a Enoch Godongwana, inafuna kukweza VAT ponena kuti thumba la boma laperewera. Zitakanika chifukwa cha phokoso la ku Nyumba ya Malamulo, mu Juni anakweza msonkho wa mafuta ndi masenti 16 pa lita ya petulo ndi 15 pa dizilo. Ndalama ikasowa amabwera kwa tonse. Koma sitinamvepo kuti mabiliyoni a makampani a magalimoto nawonso aunikidwe kaye asanatigwire ifeyo.

Ndipo galimoto yomwe timathandiza kulipirirayo sitidzaiyendetsa. Polo Vivo, yopangidwa pa Kariega pompa, yomwe amati ndi ya anthu wamba, yotchipitsitsa yake imapitirira R260,000. Kwa munthu wa R5,600 pamwezi ndi zaka pafupifupi zinayi osadya, osalipira lendi, osatumiza kanthu kwa amayi kumudzi.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti dziko lino limaletsa kuitanitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito kuti agulitsidwe kuno. Chiletsochi ndi mbali ya mpanda womwe uja. Magalimoto a ku Japan amatsika pa doko la Durban, n'kukwezedwa pa mathiraki kudutsa dziko lonse kupita kumpoto, koma pano saloledwa kutsala. N'chifukwa chake achimwene omwe anatsala ku Mangochi kapena ku Mzimba amatha kusonkha ndalama n'kugula ka Sienta konyamula anthu, msuweni wa ku Harare ali ndi ka Honda Fit, pomwe iwe wa ku Joni, amene amakuona ngati wolemera, ukugula chiphapha cha zaka 20 pamtengo woti kumudzi ukanapeza galimoto yabwino. Sitikunena kuti zakumudzizo ndiye zolongosoka, poti kumeneko fakitale kulibe ndipo magalimoto ena amafika atatha kale. Tikungonena kuti chiletsochi chili ndi mtengo wake, ndipo amaulipira ndi munthu wosauka.

Ndiye pali lole. Dziko lotumiza ma Mercedes ndi ma BMW ku Ulaya likulolabe kuti anthu othyola zipatso azinyamulidwa ngati matumba. Lamulo la pamsewu, Regulation 247, limangoti m'mbali mwa lole mutalike masentimita 35 ngati anthu akhala pansi, masentimita 90 ngati aimirira. Palibe za mpando, palibe za lamba, palibe za denga. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, yomwenso ndi pachimake pa sizoni, timafika kumunda zala zitauma moti sizigwira sizasi. Chaka ndi chaka timamva za lole yogubuduzika ku Western Cape kapena ku Limpopo, ndipo ife a komiti tikudziwa kulemera kwa kusonkhetsa ndalama zotumizira maliro ku Malawi. Pa famu ina yomwe tinagwirako, mtsikana wina anagwa lole ikukhota n'kuthyoka chiuno. Anabwerera kwawo pa basi atagona pa mipando iwiri. Toyota imalumikiza ma minibasi ku Durban, Isuzu imapanga mathiraki ku Gqeberha. Boma likanafuna kuti thandizo lake lipindulire fakitale ndi wantchito nthawi imodzi, likanaletsa kunyamula anthu pa lole n'kuthandiza alimi kugula mabasi opangidwa konkuno. Fakitale ikanapeza oda, ife tikanafika amoyo. Zimenezi sitinazione mu pulani ya 2035.

Za ku America

Mu 2025 mavuto anawonjezeka chifukwa cha a Donald Trump. Mu Epulo anaika msonkho wa 25 peresenti pa magalimoto olowa m'dziko lawo, ndipo magalimoto ochoka kuno kupita kumeneko anatsika ndi 80 peresenti. Mu Ogasiti anaikanso 30 peresenti pa katundu wina wambiri wa South Africa, zipatso zili momwemo. Pangano la AGOA, lomwe linkalola katundu wa mu Africa kulowa ku America popanda msonkho, linafika pamapeto a nthawi yake pa 30 Sepitembala 2025.

Malalanje a kuno ku Eastern Cape sapita ku America, amene amapita makamaka ndi a ku Western Cape ndi Northern Cape. Choncho amene anagwidwa pakhosi anali anzathu a ku Citrusdal, ndipo bungwe la alimi a zipatsozi, Citrus Growers' Association, linachenjeza kuti ntchito 35,000 zili pangozi. Koma zipatso zikakanika ku America zimakafunafuna msika komwe kumapita zathu, mtengo n'kutsika, ndipo mlimi mtengo ukatsika amayambira kudula pa ife.

Chomwe tikuyang'anitsitsa ndi zomwe boma lipereke kuti lipulumutse magalimoto. Mu Meyi 2025, pokambirana ndi America, linapempha kuti magalimoto 40,000 pachaka azilowa popanda msonkho. Pa malonda palibe chaulere. Mu 2015, pofuna kuti dziko lino lisachotsedwe mu AGOA, boma linavomera kuti matani 65,000 a nyama ya nkhuku ya ku America azilowa chaka chilichonse popanda msonkho woonjezera uja. Magalimoto anapulumuka, zipatso ndi vinyo zinapulumukanso, tisabise. Koma amene analipira anali ogwira ntchito m'makola a nkhuku, omwenso ndi anthu a pafamu ngati ife. Pa tebulo pomwe zimakambidwa zimenezi pamakhala mabwana a makampani, pamakhala NUMSA, pamakhala eni minda. Wothyola zipatso sakhalapo, ndiye wobwera n'kosayamba n'komwe.

Abambo atatu aja si adani athu

Pamsonkhano wathu wina mnyamata anaimirira n'kunena kuti mafakitalewo angotsekedwa onse, tione ngati sadzabwera kudzalawa lole. Anthu anaseka, koma ife tinamuletsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Australia boma linatopa n'kukana kuonjezera thandizo. Ford inatseka mu 2016, Toyota ndi Holden mu 2017, ndipo lero dziko lija silipanganso magalimoto ang'onoang'ono. Koma Australia ndi dziko lolemera, ntchito zina zinalipo. Kuno munthu mmodzi mwa atatu alionse ofuna ntchito alibe, ndipo ku Eastern Cape n'koposa pamenepo. Volkswagen itati ichoke mawa, Kariega yatha, ndipo anthu onsewo njira yawo ndi ya kuno ku minda.

Zomwe zimachitika mzere ukatalika tinaziona. Mu Epulo 2022 sitalaka ya ku Kirkwood inayamba ndi kupempha R30 pa ola, nthawi imeneyo malipiro ali R23.19. Pempho labwino, ndipo lathu lomwe. Koma mkati mwake munalowanso mawu akuti obwera achepetsedwe m'mafamu. Mu Meyi 2025 ku Valencia, ku Addo, munthu mmodzi ataphedwa pa malo omwera mowa, gulu linayamba kusaka obwera khomo ndi khomo. Anthu anafa, mabanja mazanamazana, ambiri a ku Zimbabwe, anathawira ku polisi ndi zovala za m'thupi zokha. Ena mwa iwo ndi adzukulu a agogo athu omwe anapita kukalima fodya ku Rhodesia, amalankhula Chichewa ngati ife. Sitikunena kuti zipolowe zimenezi zinayamba chifukwa cha mafakitale a magalimoto ayi. Koma udzu ukauma, kamoto kalikonse kamayatsa tchire, ndipo ulova ndi umene umaumitsa udzuwo. Bwana amene anasaina kutseka fakitale ali kutali, sangafikiridwe. Ife tili pafupi, m'shaki ya malata yopanda loko wolimba.

Kusiyana kwathu ndi anzathu a m'fakitale kulipo ndithu. Iwo akamachotsedwa pali Section 189, pali masiku 60 okambirana ngati kampani ndi yaikulu, pali ndalama yosachepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chomwe munthu wagwira, ndipo NUMSA imamenya nkhondo kuti ipitirire apo. Ife sizoni ikatha amangoti kontirakiti yatha, tionana chaka chamawa, ngakhale wathyola pa famu yomweyo zaka 15. UIF amatidula mwezi ndi mwezi, koma pokaitenga ambiri obwera amabwezedwa chifukwa cha mapepala. Izi zisatipangitse nsanje. Zomwe ali nazo anazipeza chifukwa chogwirizana, ndipo ngakhale zili choncho taonani, abambo aja anafikabe pa lole atagwira chipewa m'manja.

Zomwe tikufuna zilembedwe

Boma lanena kuti likuunikanso pulogalamu ya APDP, ndipo makampani ayamba kale kupempha zoonjezera. Ife sitikuti thandizo lithe. Tikuti lisamaperekedwe ngati nsembe. Kampani iliyonse yolandira isaine kuti isunga ntchito zingati kwa zaka zingati, ndipo ikatseka nthawi isanakwane ibweze ndalama, ndalamayo ipite kwa anthu ochotsedwawo ndi ku tauni yomwe yasiyidwa. Chaka chilichonse zilembedwe poyera kuti kampani yakuti yalandira zakuti ndipo ili ndi antchito angati, kuti munthu wa ku KwaNobuhle azitha kuwerenga yekha. Ife malipiro athu amapachikidwa pa khoma la ofesi ya famu, aliyense amawadziwa mpaka senti yomaliza.

Mapepala ochotsera msonkho aja asamagwiritsidwe ntchito polowetsa magalimoto athunthu akunja pomwe opanga mipando, magalasi ndi mawaya a konkuno akutseka. Ndipo nkhani ya lole ilowe mu pulani. Ngati pali ndalama yothandiza kupanga galimoto yamagetsi yokayenda ku Ulaya, ndalama ya basi yonyamula othyola malalanje singasowe.

Mwina mukuti ndani angamvere obwera, ena opanda ndi pemiti yomwe. N'zoona, patokha sitingapite ku Pretoria. Koma lamulo la ntchito la dziko lino limalola wantchito aliyense kulowa yuniyoni, silifunsa komwe unabadwira. Ndipo mawu amenewa akanenedwa ndi ife pamodzi ndi anthu a ku Kariega amalemera mosiyana.

Sabata ziwiri zapitazo anayi a ife tinakwera takisi kupita ku KwaNobuhle. Mayi wina wa mu packhouse, Mxhosa wokwatiwa ndi mnyamata wa ku Nkhata Bay, ndiye anatitsogolera n'kumatimasulira. Sitiname, mantha tinali nawo, ndipo mmodzi wa ife anabisa pasipoti mu sokosi. Tinakumana ndi anthu 11 m'galaja ya munthu, onse ochotsedwa ntchito chaka chino. Poyamba nkhope zinali zolimba. Mkulu wina anatifunsa mosapsatira kuti bwanji timavomera ndalama yochepa n'kumaononga msika. Tinatulutsa mapeyisilipi athu n'kuwayala pa bonati ya galimoto. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenako tinawaonetsa masamu aja a R260,000, ndipo mkulu yemweyo anaitanitsa foni ya mwana wake n'kuwerengera yekha kawiri. Anati zaka 22 wagwira ntchito m'fakitale palibe anamuuzapo kuti mutu wake unali ndi mtengo wotero.

Sitinagwirizane zonse. Awiri anatuluka msonkhano usanathe, ndipo wina ananenetsa kuti sizoni ikubwerayi eni dziko ayambe kulembedwa ndi iwo. Tinamuyankha kuti amene amalemba si ife, ndipo mlimi amakonda wobwera chifukwa amadziwa kuti wopanda mapepala amaopa kukamusumira ku CCMA. Tinapangana kuti tikumanenso mandimu asanayambe, ulendo uno kwathu kuno, ndipo kalata yopita ku ofesi ya nduna tilembere limodzi, m'Chingerezi, m'Chixhosa ndi m'Chichewa. Amene muli ndi mapeyisilipi a sizoni yathayi musawataye, komiti idutsa m'makomponi kudzawajambula. Abambo atatu aja sitinawapeze, koma mayi wotimasulira uja akuti mmodzi amamudziwa, amapemphera tchalitchi chimodzi ndi azakhali ake, ndipo amuuza za tsikulo.